Benchi la Osusuka

A Makiyi anabadwa m'chaka cha 1957, ndipo kwa nthawi yaitali ya moyo wawo ankakhulupirira kuti palibe chinthu chimene chingawachititse nseru. Chikhulupiriro chimenechi chinali ndi maziko ake. Kuyambira pa 1 Malichi 1979 kufikira kumapeto kwa Juni 2001 anagwira ntchito yokolopa m'wodi ya amuna pa chipatala chachikulu, kumene ankatulutsa ndowa za odwala osatha kudzuka, kuchapa nsalu zamafinya ndi kukankha machira opita ku nyumba ya chisoni. Anzawo ankamanga kansalu pamphuno, koma iwo ankangopinda manja a malaya. Ankati, "Chotuluka mwa munthu wodwala sichichititsa manyazi. Thupi silinama."

Pa 2 Seputembala 2001, tsiku Lamulungu, mpingo unawalemba ntchito yosamalira tchalitchi. Anawapatsa makiyi khumi ndi anayi pa waya umodzi, pamodzi ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchicho. Dzina lawo lenileni linathera pomwepo, popeza aliyense ankawazindikira ndi kulira kwa makiyi m'chiuno asanawaone n'komwe. Akazi awo, amene anawakwatira mu 1983, ankadziwika kuti amake mapasa. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, pa makina opalasa ndi phazi, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi malo awo m'tchalitchi anali amodzi: benchi lachiwiri kuchokera kutsogolo, kumanzere, pakati pa kwaya ya amayi.

Kusala kudya kunalipo mumpingomo kuyambira kalekale. Chaka chilichonse, sabata yachiwiri ya Januwale, akhristu ankayamba masiku makumi awiri ndi limodzi osadya kanthu kapena kumwa madzi kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 6 koloko madzulo. Pa 5 koloko ankasonkhana kupempherera odwala, ofuna ntchito, mabanja ogwedezeka ndi ana oyembekezera zotsatira za mayeso, kenako aliyense n'kupita kwawo kukamasula. Palibe amene ankafunsa za m'mimba mwa mnzake. A Makiyi ankaikonda nyengoyi. Ankati njala yodzisankhira imapeputsa mtima, ndipo anthu anjala sataya zinyalala m'mabenchi.

Zinthu zinasintha pa 9 Januwale 2012, utsogoleri wa akulu a mpingo utagwera bambo wina wa sitolo ya zitsulo ndi penti, amene kuyambira pamenepo sankayankhanso dzina lina koma lakuti a Wapampando. Abusa ankabwera kamodzi pamwezi, chifukwa ankayang'anira mipingo isanu, choncho khoswe anakhala pamkhate. A Wapampando analengeza kuti mapemphero a mpingo akuchedwa kuyankhidwa chifukwa pakati pa nkhosa pali zina zodya mobisa, ndipo anakhazikitsa dongosolo limene analitcha kuyeza.

Kuyezako kunkayenda motere. Chitseko chachikulu chinkatsekedwa, anthu onse n'kundanda pa khomo laling'ono la m'mbali. Aliyense ankatulutsa lilime, kenako n'kuuzira mpweya kumaso kwa woyeza. Amuna ankayezedwa ndi a Wapampando eni ake. Akazi ankayezedwa ndi mtsogoleri wa amayi, amene chaka choyambacho chisanathe analandira dzina lakuti Mayi Mphuno, ndipo ankalinyadira. Lilime louma, lotuwa ngati phulusa, ndi mpweya wonunkha chivundi, ankachonga ndi inki yabuluu m'kaundula. Lilime lonyowa, kapena mpweya womveka chakudya, ankathetha ndi inki yofiira. Wothethedwa ankakhala pa benchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo lolowera ku zimbudzi, kufikira kusala kutatha, ndipo dzina lake linkawerengedwa pa guwa Lamulungu. Benchilo linkatchedwa la osusuka. Onse akalowa, a Makiyi ankakhoma zitseko zonse kufikira 6 koloko, kuti pasakhale wozembera pemphero.

Anthu anazolowera msanga kuposa mmene a Makiyi ankayembekezera. Miswachi inkapumula mwezi wonse wa Januwale. Mazenera ankatsekedwa kuti phokoso la mumsewu lisasokoneze mzimu, ndipo anthu mazana atatu ankaimba ndi kufuula m'chipinda chimodzi ndi kukamwa kosatsuka. Fungolo linkakakamira m'makatani mpaka Malichi. Ena ankachita kudzitama nalo potuluka.

"Ine lero Mayi Mphuno anachita kubwerera m'mbuyo masitepe awiri."

"Awiri okha, mlongo? Ine anatsokomola mpaka misozi."

A Makiyi, amene anapirira ndowa za m'wodi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ankameza malovu n'kuyang'ana kudenga. Koma chimene chinkawanyansa kwenikweni sichinali fungolo. Chinali bini la m'kachipinda ka akulu a mpingo.

Akuluakuluwo ankakumana m'kachipindako masana aliwonse a nyengo yosala, kuyambira 1 koloko mpaka 2 koloko, chitseko chili chokhoma, akuti kukonzekera mapemphero. A Wapampando analamula kuti bini la mmenemo lizikhuthulidwa Lachisanu lokha, m'mamawa, m'thumba lomanga kukamwa, ndipo likatayidwe ku dzala lakutali. Lachisanu loyamba, pa 13 Januwale 2012, thumba linang'ambika panjira. Munatuluka mafupa a nkhuku oyamwidwa mpaka kuyera, makoko a mazira, mapepala amafuta a tchipisi, makoko a nthochi ndi mabotolo a zakumwa. Munalinso tizidutswa ta choko tokhala ndi zipsera za mano. Pamenepo a Makiyi anamvetsa chifukwa chimene mabokosi a choko a Sande sukulu anayambira kutha mu Januwale ameneyu, mwezi umene ana sankaphunzira, ndiponso chifukwa chimene malilime a akulu a mpingo ankayerera kuposa a wina aliyense.

Anatola zonsezo, kumanga thumba lina, n'kukataya. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Kanyumba kanali ka mpingo, ndipo munthu wogona m'nyumba ya eni amaphunzira kutsokomolera m'kati. Anachita zimenezi Lachisanu lililonse la kusala kwa zaka zisanu ndi ziwiri. A Makiyiwo ankasala moona, n'kuima pamzere, n'kuuzira mpweya wawo kumaso kwa munthu amene ankamudziwa kuti wadya mazira anayi.

Mu Ogasiti 2016 amake mapasa anapezeka ndi matenda a shuga. Poyamba anali pa mapiritsi, ndipo kusala kwa 2017 ndi 2018 anakuwoloka movutikira, akumwa mapiritsiwo madzulo. Mu Juni 2018 adokotala anawaika pa jakisoni kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi lamulo lakuti akabaya azidya. Kusala kwa 2019 kutayandikira, a Makiyi anawauza kuti chaka chino apumule.

"Ndipumule? Ndikakhale kumbuyo kuja, pafupi ndi zimbudzi? Abambo, mukundifunira zabwino?"

"Mulungu akudziwa kuti mukudwala, amayi."

"Mulungu akudziwa, koma kaundula sakudziwa."

Anagwirizana kuti azibaya ndi kudya m'bandakucha, 6 koloko isanakwane, ndipo a Makiyi anakhulupirira kuti nkhani yatha. Chimene sanadziwe n'chakuti akazi awo anakafunsa kwa Mayi Mphuno ngati jakisoni amaswa kusala. Yankho linali lakuti chilichonse cholowa m'thupi ndi chakudya, kaya chilowere pakamwa kaya pantchafu, ndipo munthu wopempherera machiritso atagwira singano m'manja ndi wa mitima iwiri. Amake mapasa anaika kabotolo ka mankhwala kuseri kwa mbale m'kabati pa 7 Januwale, tsiku loyamba, ndipo sanakakhudzenso. Popeza amuna awo ankatuluka 5 koloko m'mawa kukatsegula mazenera a tchalitchi, ndipo madzulo ankachedwa ndi kukhoma zitseko, panalibe wowaona. Madzulo ankamwa madzi jagi ndi jagi, akuwonda tsiku ndi tsiku, ndipo amayi a kwaya ankawayamikira kuti chaka chino nkhope yawo ikuonetsa kuti ali pafupi ndi kumwamba.

Lachinayi pa 17 Januwale 2019, tsiku la khumi ndi limodzi la kusala, kunatentha kwambiri. A Makiyi anaima m'kati mwa khomo laling'ono, makiyi ali m'manja, pamene akazi awo anafika kutsogolo kwa mzere atatsamira khoma.

"Lilime, amake mapasa," anatero Mayi Mphuno. "Eya, louma bwino. Uzirani."

Anauzira. Mayi Mphuno anatsinzina, kukoka mpweya, kenako n'kutsegula diso limodzi.

"Uziraninso."

Anauziranso.

"Zipatso."

"Pepani, amayi?"

"Ndati zipatso. Maapozi, kapena mapeyala akupsa kwambiri. Mwadya angati?"

"Sindinalawe kanthu chiyambire m'mawa. Mulungu ndi mboni yanga."

"Mulungu musamulowetsemo, ali ndi zambiri zochita. Mphuno iyi sinanamepo chiyambire 2012. A Wapampando, tabwerani mudzamve nokha, angati ndikuwada."

A Wapampando anasiya mzere wa amuna, nawerama mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza milomo ya mkazi wa mwini. Pangodya ya pakamwa pawo panali kadontho koyera ka choko, ndipo pa tayi panali banga la mafuta lomwe linali lisanaume.

"Zotsekemera ndithu," anagamula. "Ngati jamu. Zaka zonsezi pa benchi lachiwiri, amayi? Zamanyazi. Thethani."

Inki yofiira inadutsa pa dzina. Amake mapasa anachoka pamzere. Anayenda pakati pa anthu akugwira mabenchi, kupitirira malo awo a zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka kumbuyo. Amayi a kwaya anayang'ana m'mabuku awo a nyimbo. A Makiyi anakhoma zitseko monga mwa masiku onse, ndipo manja awo anachita ntchitoyo okha. Mumtima ankadzifunsa kuti zipatsozo akazi awo azitenga kuti, popeza m'nyumba munalibe ngakhale ndimu.

Nyimbo yoyamba itayamba, anazungulira kumbuyo n'kukhala pambali pawo. Amake mapasa ankapuma mozama ndi mofulumira ngati munthu amene wakwera phiri atasenza mtolo. Kutsogolo kwa bulauzi kunali konyowa ndi masanzi amene anayesa kuwapukuta ndi mpango. A Makiyi anawerama kuti awafunse, ndipo mpweya unawafika kumaso.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha, ndipo iwo analidziwa. Mu Novembala 1987, pa bedi nambala 14, panagona mphunzitsi wina amene ankatulutsa fungo lomweli la zipatso zoyamba kuola. A Makiyi anaseka naye kuti wabisa maapozi pansi pa pilo. Tsiku lotsatira anamukankha pa machira atamufunditsa kumaso. Namwino wamkulu anawakokera pambali n'kuwauza kuti, "Ukadzamva fungo limenelo kwa munthu wa shuga, usiye ndowa pomwepo, uthamange. Magazi ake asanduka poizoni." Anakumbukiranso kachitini ka masingano otha ntchito kamene ankakhuthula Loweruka lililonse. Loweruka lapitalo anakapeza kopanda kanthu, ndipo anangoganiza kuti mwina akazi awo akhuthula okha.

"Amayi, jakisoni munabaya liti?"

"Ndinasiya tsiku loyamba." Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Anati amaswa kusala."

"Dzukani. Tikupita kuchipatala."

"Ayi. Ndikatuluka anena kuti ndavomera. Sindinadye, abambo. Ndikhala pompano mpaka 6 koloko, aone."

Wotchi ya pakhoma inkati mphindi makumi awiri kupitirira 5 koloko. A Makiyi anayenda mpaka kutsogolo, kugwada pambali pa mpando wa a Wapampando, n'kunong'ona kuti mkazi wawo ali pangozi, fungo lija si la chakudya koma la matenda, afufute inki yofiira kuti avomere kutuluka.

"A Makiyi, mwasanduka dokotala liti? Ine ndimadziwa kuti munkakolopa." A Wapampando anayankha osatsegula maso, manja ali m'mwamba. "Mimba yokhuta imapotokola ikamva pemphero. Ngati akudwala, ali pamalo oyenera. Zitseko 6 koloko."

Anageya pang'ono, mwaulemu, m'dzanja. Mpweyawo unali wa soseji.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Makiyi anaimirira, nasankha kiyi wachisanu ndi chinayi pa waya, nalowa m'kachipinda ka akulu a mpingo. Bini linali litadzaza, popeza mawa lake ndiye linali Lachisanu. Analikoka pa simenti likukwekwereza, kudutsa pambali pa kwaya, mpaka pakati pa kapeti wofiira wa patsogolo pa guwa. Nyimbo inafa mzere ndi mzere. Analigwira kunsi n'kuligudubuza.

Zamasiku asanu ndi limodzi m'kutentha kwa Januwale zinakhuthukira pamodzi. Mafupa a nkhuku anali atachita ndere. Makoko a mazira anamatirira ku mpunga wosasa, ndipo msuzi wakuda unayamba kuyenderera kulowera ku benchi loyamba. Mphutsi zinabalalika pa kapeti ngati mpunga wamoyo. Ntchentche zimene zinatsekeredwa m'binimo zinadzuka nthawi imodzi. Pamwamba pa mulu panagubuduka kapu ya yogati yokhala ndi chidindo cha milomo yopaka utoto wofiirira, umene mumpingo monse ankapaka ndi munthu mmodzi yekha, Mayi Mphuno.

"Loweruka, nkhuku," anatero a Makiyi, akuloza ndi kiyi, mawu ali phee ngati akuwerenga zolengeza. "Lolemba, mpunga ndi nyama. Lachiwiri, mazira. Lachitatu, nkhuku. Lero, soseji. Ichi ndi choko cha Sande sukulu, ndipo awa ndi mano. Amene akufuna kuyeza ayeze." Kenako anatembenukira kumbuyo. "Amayi, awa ndi amene akuthethani. Tsopano dzukani."

Akanakonda kuona manyazi, koma zimene anaona ndi zina. Mayi Mphuno anakuwa kuti kapeti ameneyo anachokera kunja. A Wapampando anafuula kuti mdierekezi walowa mwa wantchito, ndipo pofuulapo lilime lawo linaoneka loyera ngati khoma la kalasi. Achinyamata akumbuyo ankaseka. Bambo wina wa pa benchi lachitatu, amene anasala moona masiku khumi ndi limodzi, ankayang'anitsitsa fupa lina lomwe linatsalira kanyama, kholingo lake likukwera ndi kutsika. Wina anasanza m'kanjira, ndipo oyandikana naye anasuzumira kuti aone ngati muli chakudya.

A Makiyi anabwerera ku benchi la osusuka. Akazi awo anali atatsamira khoma, maso ali otseguka pang'ono.

"Munkadziwa?"

"Kuyambira 2012."

"N'kumangotiyang'ana tikuwauzira kumaso?"

Pa zonyansa zonse za tsikulo, funso limeneli ndi limene linawakakamira a Makiyi, ndipo silinawachoke. Amake mapasa anatambasula dzanja kuti awadzutse, koma miyendo inakana. Bambo wina woyendetsa takisi, amene nayenso anali atakhala pa benchilo kuyambira tsiku lachinayi chifukwa chomwa madzi pa ntchito, anaimirira.

"Achimwene, gwirani kumutu, ine kumiyendo. Ife osusuka tizithandizana. Galimoto ili panja."

A Makiyi anatsegula chitseko chachikulu, mbali zonse ziwiri, mphindi makumi awiri ndi zisanu 6 koloko isanakwane. Kanali koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri kuti mphepo ilowe m'tchalitchimo nthawi ya mapemphero a kusala.

Ku chipatala anawaika madiripi awiri nthawi imodzi. Dokotala wachitsikana, wamng'ono kuposa mapasa awo, anafunsa kuti ndani anauza munthu wa shuga kusiya jakisoni masiku khumi ndi limodzi. Atamva, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati akanachedwa maola ochepa, nkhani ikanakhala ina. Amake mapasa anatsitsimuka Loweruka pa 19 Januwale, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, "Afufuta?"

Sanafufute. Lamulungu pa 20 Januwale dzina lawo linawerengedwa pa guwa pamodzi ndi ena asanu ndi limodzi. Akulu a mpingo anakumana pa 27 Januwale, abusa alipo, ndipo anapeza kuti zinyalalazo zinali za amisiri amene ankakonza denga, ngakhale kuti dengalo linakonzedwa komaliza mu 2015. Kalata ya pa 3 Febuluwale inathokoza a Makiyi chifukwa cha utumiki wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, n'kuwachotsa ntchito chifukwa chodetsa malo opatulika ndi kutsegula chitseko nthawi isanakwane. Anapereka makiyi khumi ndi anayi pa 28 Febuluwale, atawawerenga limodzilimodzi patebulo. Makina osokera, bedi ndi kabati anazikweza pa lole, ulendo wa kwa mwana wawo wamkazi, mmodzi wa mapasa aja, amene anawapatulira chipinda m'nyumba yake ya lendi. Mabanja khumi ndi awiri anachoka mumpingomo chaka chimenecho. Otsalawo anayamba kusala kwa 2020 pa 6 Januwale, mzere uli pa khomo laling'ono monga kale. Chosintha chinali chimodzi: m'kachipinda ka akulu a mpingo munagulidwa bini lachitsulo la loko, ndipo kiyi wake amasunga a Wapampando.

Dzina lakuti a Makiyi silinawachoke, ngakhale kuti tsopano m'thumba mwawo muli kiyi mmodzi yekha. Kusala sanasiye. Januwale aliyense amasala masiku makumi awiri ndi limodzi, atatsuka mano, osauza munthu. Pa 6 koloko m'mawa amabaya akazi awo jakisoni ndi dzanja lawo, n'kuwaikira tiyi ndi buledi patebulo. Chaka choyamba amake mapasa ankadya atayang'ana kukhoma. Tsopano amadya atayang'ana amuna awo, ndipo nthawi zina amatafuna mokweza mwadala. Pa 5 koloko madzulo amagwada awiriwo pambali pa bedi kupempherera odwala, ofuna ntchito ndi adzukulu. Asanagwade, a Makiyi amawerama.

"Uzirani, amayi."

"Inunso mwayamba za Mayi Mphuno?"

"Uzirani basi."

Amauzira. A Makiyi amatsinzina, kukoka mpweya, kufunafuna fungo lija la zipatso, ndipo salipeza.

"Nanga bwanji, a woyeza? Mundithetha?"

"Mazira ndi anyezi. Mwadya ndithu. Tiyeni tipemphere."